Silabu Pamwamba pa Chipinda cha Amayi

1

Kwathu amanditcha Tsabola, ndipo dzinalo sindinachite kutola pamsewu. Ndikapsa mtima pakamwa pamatsogola, nzeru zimabwera pambuyo zili wefuwefu. Ndikulemba izi m'manja muli matuza, ndiye mawu ena akatuluka otentha mundikhululukire.

Ntchito yanga ndi kuika matailosi. Palibe sukulu imene inandiphunzitsa. Ndinayamba ndi kupondera anthu simenti, n'kumaba luso ndi maso, madzulo n'kumaonera mavidiyo pafoni mpaka batire kutha. Koma ndikapita kukafunsa ntchito kunyumba zikuluzikulu, funso limakhala lomwelija: "Pepala lako lili kuti, mtsikana?" Ntchito n'kupita kwa wina, ine n'kubwerera zida zili kumsana. Choncho mawu oti chiphaso ndinkawamva ngati chipongwe.

Mwamuna amene nkhaniyi ikunena ndinakumana naye pashopu ya zomangira, akulongedzetsa simenti mu lole. Anthu ankamutcha Levulo, chifukwa m'thumba la malaya ake simunkasowa kalevulo kakang'ono, kaja koonera ngati khoma lawongoka. Anandimva ndikukangana ndi wogulitsa pa nkhani ya matailosi othyoka ngodya, n'kuseka.

"Chemwali, ukali wonsewu mwadya chiyani m'mawa?"

"Ndadya anthu ofunsa zopusa. Mukufuna mukhale achiwiri?"

Anaseka mpaka kugwira bondo. Kenako anapempha kuona zithunzi za ntchito yanga pafoni. Anaziyang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Ine ndi kontrakitala, ndili ndi kampani yomanga nyumba. Ndaona amisiri ambiri, koma manja ngati awa safuna pepala."

Palibe anali atandiuzapo mawu otero. Ndinagwa m'chikondi ngati njerwa yoponyedwa m'chitsime.

2

Amayi amakhala m'nyumba imene malemu bambo anamanga ndi manja awo, yaing'ono, ya zipinda zitatu. Achemwali anga, omwe ndi anamwino, anabwera ndi maganizo oti tisanjike zipinda pamwamba, tiziikamo alendi kuti amayi akhale ndi pogwira pa ukalamba wawo. Ine ndinati womanga ndili naye kale.

Tinakumana pabalaza. Levulo anavala malaya osita bwino, n'kutulutsa pepala la mupulasitiki. Achemwali analitembenuza uku ndi uku ngati akuyang'ana mankhwala otha ntchito.

"Iyi ndi fotokope. Chiphaso chenicheni chili kuti?"

"Chili mufelemu ku ofesi, alamu."

"Alamu? Mwafulumiratu, bambo." Sanaseke. "Apa ndikuona dzina la kampani ndi nambala. Dzina la munthu silikuoneka."

"Munthu wake ndi amene mukulankhula nayeyu."

"Ndiye palibe vuto. Mawa ndidutsa ku ofesi yopereka ziphaso kwa omanga, ndikangofunsa. Mundionetsenso nyumba imodzi yosanja imene munamanga, ndicheze ndi eni ake."

Magazi anandikwera kumutu.

"Achemwali, akanabwera wa tayi pano, wa galimoto yonyezimira, mukanamufunsa zimenezi?"

"Ndikanamufunsa zambiri."

"Bodza! Inu anthu a mapepala mumaona ngati tonse osapita kukoleji ndife akuba. Odwala anu amakufunsani chiphaso musanawabaye jakisoni?"

"Amene anandilemba ntchito anandifunsa, Tsabola. N'chifukwa chake odwalawo safunsa."

Ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse. Ndinamenya tebulo.

"Mukaponda ku ofesi imeneyo, mudziwe kuti mng'ono wanu mulibe. Mukufufuza ineyo, osati iyeyu. Mukuti sindingadziwe munthu wabwino?"

Amayi anagwira mutu. "Ana inu, nyumba isanamangidwe mwayamba kale kuigwetsa. Wamkulu, mvera mng'ono wako kamodzi. Iyeyu ndi amene amadziwa za simenti."

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kumubwezera Levulo pepala lija. Ku ofesi sanapite. Ine ndinayenda sabata yonse phewa lili m'mwamba, ndikuti ndamenyera chilungamo anthu osauka.

3

Amayi anasamukira kaye kwa achemwali, malata n'kuchotsedwa. Pageti panakhomedwa chikwangwani cha kampani, nambala ya chiphaso ili poyera kuti aliyense aone. Levulo anabweretsa zitsulo zochirikizira, zopakidwa penti yachikasu, n'kuziimika m'zipinda monse ngati nkhalango. Pamwamba pake anayala matabwa, anamanga mawaya, n'kuthira konkire. Silabu, denga la simenti limene lidzakhale pansi pa zipinda zatsopano, inagona pamakoma a bambo.

Panali tinthu tina timene ndinkationa koma osatiwerengera. Pasaiti sankakhalitsa, ankabwera ndi lole, kulozaloza, n'kuthamanga. Loweruka ndi Lamlungu foni yake inkakhala yozima. Ku ofesi kwake sananditengereko. "Kuli fumbi lokhalokha, wokondedwa, ungadetse nsapato." Ine woponda simenti tsiku ndi tsiku, kuopa fumbi! Koma chikondi chimatseka maso ndi makutu omwe.

Tsiku lina masana ndinamupeza akumasula zitsulo zija, ali thukuta kamukamu, akukalipira aganyu kuti afulumire.

"Iwe, konkireyi yakhwima kale? Simenti ikadali yakuda iyi."

"Yakhwima. Zitsulozi zikufunika kusaiti ina lero lomwe."

"Siyako zitsulo zapakati."

"Tsabola, matailosi ndi ako, silabu ndi yanga. Ine ndinakufunsapo za mizere yako?"

Anandipsompsona pamphumi, lole n'kunyamuka ndi zitsulo zonse.

Amayi anabwerera m'chipinda chawo akusangalala. Ankati denga la simenti ndi lozizira bwino, mvula sisokosa. Pasanapite nthawi chitseko chawo chinayamba kulimba. Kuti atseke ankachita kukankha ndi phewa. Levulo anabwera ndi puleni, n'kuchipala pamwamba.

"Ndi chinyezi, amayi. Thabwa limafufuma."

Patapita masabata angapo chinalimbanso. Anachipalanso.

4

Makoma a pamwamba atakwera, nthawi yanga inakwana. Ndinakwera ndi zida zanga mtima uli m'malo, ndikuti achemwali aone chimene manja opanda pepala amachita.

Ndisanayambe ndinagunda chidebe ndi phazi, madzi n'kutayika. Ndinawayang'ana akuyenda. Sanapite kukhoma, sanapite kukhomo. Anathamangira pakati pa chipinda, n'kuima pamenepo ngati m'mbale. Ndinakoka chingwe kuchoka kukhoma ili kukafika linalo. Pakati, dzanja langa lonse linalowa pansi pa chingwecho. Chipinda chimenecho chinali pamwamba penipeni pa bedi la amayi.

Ndinamuimbira.

"Silabu yako yatsika pakati."

"Matabwa anangopindika pothira konkire. Zimachitika paliponse. Dzaza ndi simenti, uwongole. Kapena ndiitane wa pepala adzakuthandize?"

Ankadziwa pondikanda. Ndinadzaza. Wilibala pambuyo pa wilibala, mchenga ndi simenti, mpaka pansi panawongoka ngati galasi. Ndinayala matailosi oyera, mizere yake ngati yojambula ndi rula. Sindinagwirepo ntchito yokongola ngati imeneyo.

Achemwali anabwera Lamlungu kudzaona amayi. Ndinamva akundiitana ndi mawu a kuchipatala aja, osakweza koma obaya.

"Tsabola, bwera kuno. Ichi n'chiyani?"

Anali akukutumula bulangete la amayi. Tizidutswa ta pulasitala tinagwa pansi. Pamwamba pa chitseko panali mng'alu wopendekera, ukukwera kulowera kudenga.

"Ndi pulasitala chabe. Nyumba ikamakhazikika imatero."

"Wakuuza ndani?"

"Kontrakitala."

"Uti? Uja unandiletsa kumufufuza?"

Tinatukwanizana mpaka amayi analira. Ndinatuluka ndikulumbira mumtima kuti mawa ndikapita ndekha ku ofesi ija, ndikatenge umboni, ndidzawapake nawo kumaso.

5

Ofesi yopereka ziphaso ili pamwamba pa masitepe opapatiza, benchi yaitali kukhoma, kauntala ya galasi. Ndinapereka nambala imene ndinajambula pachikwangwani. Bambo wa pakauntala anaitayipa ndi zala ziwiri, magalasi ali kunsonga ya mphuno.

"Chiphasochi chilipo, ndi chamoyo. Gulu lake limalola ngakhale nyumba zosanja. Palibe dandaulo lililonse."

Ndinatsala pang'ono kuvina. Ndinali nditatulutsa kale foni kuti ndiwaimbire achemwali.

"Mwasankha bwino," anapitiriza bamboyo. "Mayi ameneyu ndi wokhwima pantchito. Amabwera yekha kudzakonzetsa chiphaso chaka chilichonse, sachita kutuma munthu."

"Mayi uti?"

"Mwini kampaniyo. Simunakumane naye?"

"Mwini wake ndi bambo. Wamtali, woyenda ndi levulo m'thumba."

Anavula magalasi. "Chemwali, chiphaso chimakhala ndi mwini, ndipo uyu ndi mzimayi. Wina akamanga ndi nambala imeneyi mwini wake osadziwa, ameneyo alibe chiphaso. Mgwirizano munasayina ndi ndani?"

Mgwirizano wake uti? Tinangogwirana chanza pabalaza.

Anandiuza komwe kuli kampaniyo. Ndinatsika masitepe aja ndikudziuza kuti mwina ndi mnzake wa bizinesi, mwina ndi mlongo wake, mwina ndi azakhali ake. Munthu ukamamira umagwira ndi udzu womwe.

6

Kampaniyo inali mumpanda wa malata, kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Chinthu choyamba chimene ndinaona nditalowa chinali mulu wa zitsulo zochirikizira za penti yachikasu. Zomwezija.

Pafupi ndi muluwo panaima mayi wojintcha, wa jombo ndi chipewa cholimba, akuuza anthu pokweza makina osakanizira konkire. Ndinamuonetsa chithunzi cha chikwangwani chathu. Anachikulitsa ndi zala, nkhope n'kusintha.

"Nyumba iyi ili kuti? Ine ndilibe ntchito kumeneku."

"Akumanga ndi a Levulo. Si mnzanu wa bizinesi?"

"Levulo ndi dalaivala wa lole yathu. Sanayalepo njerwa ngakhale imodzi pansi pa dzina langa." Anayang'ananso chithunzicho. "Mwasanjika panyumba yakale? Maziko anakumba n'kuwaona? Mizati anaika?"

"Mizati ayi. Silabu inangogona pamakoma."

"Zochirikizira zinakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Anachotsa simenti ikadali yakuda. Anati zikufunika kusaiti ina."

Anatembenukira mulu uja, n'kutseka maso. "Ndi nthawi ija ndinkawerenga zitsulo n'kupeza zikuperewera. Anazibweza usiku umodzi kuti ndisadziwe." Kenako anandigwira mkono mwamphamvu. "Pansi pake pakugona munthu?"

"Amayi anga."

"Kwera galimoto."

Ankayendetsa ngati akuthamangira kuchipatala ndi wodwala. Panjira anaimbira injiniya wake, n'kulamulanso kuti zitsulo zachikasu zikwezedwe mu galimoto ina zititsatire. Titaima pamaloboti, anandiyang'ana koyamba ngati munthu, osati ngati nkhani ya ntchito.

"Nanga iwe, mwana wanga, unamukhulupirira bwanji munthu osafufuza? Ndi m'bale wako?"

"Ndi chibwenzi changa. Tikuyembekeza kukwatirana nyumbayi ikatha."

Maloboti anasintha. Agalimoto a kumbuyo anayamba kuliza mahutala. Iye manja anali pachiwongolero, osasuntha.

"Ndi mwamuna wanga," anatero. "Bambo wa ana anga atatu."

Kenako anaponda moto.

7

Tinapeza amayi atakhala pabedi, akusoka batani, chitseko chili chotsegula chifukwa chinali chitakaniratu kutsekeka. Mayi uja anaima pakhomo, n'kuyang'ana mng'alu, n'kuyang'ana denga. Pakati pa denga panali kamzere kena kamene dzulo lake sindinakaone.

"Amayi, pepani, sitikudziwana. Ndine womanga nyumba. Ndikupempha mutuluke panopa."

"Ndituluke m'nyumba mwanga? Mwana wanga, ameneyu ndi ndani?"

"Amayi, tiyeni, ndikufotokozerani panja."

"Chipinda chino anamanga bambo ako. Ndinaberekera muno, ndinawasamalira muno mpaka tsiku lomaliza. Mkamwini wanga uja ananena kuti ndi chinyezi."

"Amayi, si chinyezi!"

"Ndimalize batanili."

Pamenepo padenga panamveka kaphokoso, *thee*, ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Fumbi linatsika pang'onopang'ono, n'kutera pansalu imene ankasoka.

Sindinapemphenso. Ndinawanyamula amayi anga ngati thumba la simenti, akundimenya kumsana, singano ikadali m'manja, mpaka ndinakawatula pansi pa mtengo kuseri kwa geti. Nane ndinakhala pansi pomwepo.

Mayi uja anazungulira nyumba kunja, osalola aliyense kulowa. Anasuzumira pawindo la masitepe, n'kuona m'mbali mwa matailosi anga.

"Anadzaza simenti yonseyi pakati ndani?"

"Ndine. Pansi panali potsika pakati, ndinawongola."

"Matailosi ako ndi owongoka, sindikunama. Koma silabu inkakuuza kuti yatopa, iwe n'kuisenzetsanso katundu, n'kuiphimba pakamwa."

Mawu amenewo amandidzutsabe.

Lole inamveka pakona. Levulo anatsika akuimba kamluzu, atanyamula kathumba ka zipatso za amayi. Anaona ine. Anaona mkazi wake. Kathumba kanagwa, malalanje n'kugubuduka mumsewu.

"Amake ana, ndikhoza kufotokoza."

"Ubwenziwu ukafotokozera kunyumba, ngati ukapezeko khomo lotsegula. Pano fotokoza silabu. Nambala yanga ikutani pageti la anthu?"

"Ndakhala ndikuona nyumba zikumangidwa zaka zonsezi! Ndanyamula simenti ya nyumba zako zonse. Chovuta n'chiyani? Anthu amanditcha dalaivala wa madamu. Ndinkafuna ndimange imodzi yanga, uone kuti nanenso ndine munthu. Pepala ndi pepala basi!"

Mawu anga enieni, akutuluka m'kamwa mwa munthu amene anatsala pang'ono kukwirira amayi anga. Sindikudziwa kuti hamala ndinaitola nthawi yanji. Ndinangozindikira ili m'mwamba, iye akubwerera chafutambuyo mpaka kugunda lole.

"Tsabola!" Anali achemwali, omwe amayi anali atawaimbira foni, atangotsika pa njinga yamoto, yunifolomu ili m'thupi. "Ika pansi. Amayi apulumuka denga, ukufuna afe ndi iwe uli kundende?"

Ndinaiponya pa chikwangwani chija. Chinang'ambika pakati.

Mayi uja anatambasula dzanja, Levulo n'kuikamo makiyi a lole ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

"Mawa m'mawa ndikupita ku ofesi ya ziphaso kukanena ndekha," anatero akuyang'ana achemwali. "Mwina andilanga chifukwa chosasamala nambala yanga, koma ndikanena. Inunso mukadandaule, musamumvere chisoni. Silabu iyi itsika yonse."

8

Injiniya anabwera, anayeza, n'kugwedeza mutu. Maziko a bambo anali a nyumba ya malata, sakanatha kunyamula nyumba ina pamutu. Zitsulo zachikasu zinaimikidwanso kuti denga lisagwere ogumula. Matailosi ndinapempha kuti ndiswe ndekha, ndipo matuza ndanena aja ndi amenewo.

Silabu itatsika tinapeza kuti makoma a chipinda cha amayi ang'ambika mpaka pansi. Sakanatheka kukonzedwa. Chipinda chimene bambo anamanga tinachigwetsa sabata yatha. Amayi anapempha kuti tiwabweretse adzaone. Anakhala pampando panja, osalira. Khoma lomaliza litagwa anangoti, "Tiyeni tizipita, kwazizira." Kunali dzuwa loswa mtengo.

Panopa amayi akukhala kwa achemwali. Nkhani ya Levulo ili m'manja mwa a ofesi ija. Mkazi wake akutithandiza kumanganso, ndipo timalankhulana za njerwa ndi mchenga basi. Zinazo tonse sitizikhudza. Achemwali sananenepo kuti "ndinakuuza." Ndikanakonda akananditukwana.

Inu owerenga, musaganize kuti ndasintha n'kukhala wopembedza mapepala. Ndikadali wokwiya kuti anthu aluso amabwezedwa pageti chifukwa analibe fizi. Zimenezo si chilungamo, ndipo ndidzazinenabe. Koma ndaphunzira kuti mkwiyo wanga wa zoona unatsegulira khomo munthu wabodza. Mzere wa matailosi ukakhota, mumangonyansidwa nawo. Denga likalakwika limapha munthu ali mtulo, ndipo amene wagona pansi pakeyo sangaone zitsulo zili mkati mwa konkire. Chiphaso chilipo chifukwa cha iyeyo.

Ndiye musanapereke nyumba yanu kwa kontrakitala, pitani nokha ku ofesi. Musakhutire pomva kuti nambala ndi yamoyo, yathu inalinso yamoyo. Funsani dzina la mwini wake, mukamuone ndi maso, mumve kuchokera pakamwa pake kuti ntchito yanuyo akuidziwa. Kaoneni nyumba imene anamanga, mugogode, mufunse okhalamo. Womanga weniweni mafunso amenewa samukwiyitsa.

Ndipo ngati m'banja mwanu muli wina ngati ine, amene angamenye tebulo n'kunena kuti mukunyoza wokondedwa wake, musiyeni amenye. Akuuzeni kuti ubale watha, alire, asiye kukuyankhulani. Inu valani nsapato muzipita ku ofesi. Achemwali anga anandimvera chifukwa chondikonda, ndipo amayi lero alibe chipinda chawo.